ZA KUTALI: Eni masewera akale a RuneScape avomera kutseka bokosi la mwayi

Sabata ino nkhani ikuchokera ku Cambridge, mzinda wa ku England, kumene kuli kampani yotchedwa Jagex. Kampani imeneyi sigula fodya, sigulitsa feteleza, ndipo ilibe galimoto zonyamula katundu. Chuma chake chachikulu ndi masewera a pa kompyuta otchedwa RuneScape, amene anayamba mu Januwale 2001 ndipo anthu akuwasewerabe mpaka lero. Kumapeto kwa chaka cha 2025 kampaniyi inachita chinthu chimene amalonda sachita kawirikawiri. Inafunsa makasitomala ake ngati akufuna kuti itseke limodzi mwa makomo amene ndalama zake zimalowera. Makasitomalawo anati itseke, ndipo iyo inavomera.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndi koyenera kuyamba ndi kufotokoza masewerawo, pakuti awerengi ambiri a tsamba lino amadziwa bawo ndi mpira, koma zoterezi sanazionepo.

Munthu amakhala pa kompyuta kapena pa foni yolumikizidwa ku intaneti, ndipo pagalasi pamaoneka kamunthu kojambula kamene iye amakayendetsa. Kamunthuko kamakhala m'dziko lopeka lotchedwa Gielinor, limene lili ndi midzi, mitsinje, nkhalango, migodi ndi misika. Tianthu tambiri timene amakumana nato panjira si zidole chabe, pakuti kumbuyo kwake kuli anthu enieni, wina ali ku Brazil, wina ku America, wina ku Australia, ndipo amacheza polemberana mawu. Masewerawa satha monga umathera mpira woimbira akaliza wezulo. Munthu akatopa amazimitsa n'kukagona, ndipo mawa amapeza kamunthu kake kali pomwe anakasiya, pamodzi ndi katundu wake yense. Alipo anthu amene akhala ndi kamunthu kamodzi kwa zaka zoposa 20.

Chimene chingaseketse munthu wa kumudzi n'chakuti ntchito zimene anthu a m'mizinda ikuluikulu amalipira ndalama kuti azigwire m'masewerawa ndi zomwe zija iye amazidzukira m'mamawa: kudula mitengo, kukoleza moto, kuwedza nsomba, kuphika, kulima, kusula zitsulo. Ngakhale nsomba imapserera pamoto ngati wophikayo sanazolowere. Palinso nkhondo yolimbana ndi zilombo, koma nthawi yambiri imathera pa ntchito zamanjazi.

Luso lililonse limayamba pa mlingo 1, ndipo mwa dongosolo lakale limathera pa 99. Kuti munthu afike pa 99 pamafunika mapointi oposa 13 miliyoni, ndipo abale awiri amene anayambitsa masewerawa, Andrew ndi Paul Gower, anakonza mwakuti wofika pa 92 amakhala atangoyenda theka la ulendo. Ndi ntchito ya miyezi, pena ya zaka, kudula mtengo womwewo kambirimbiri. Wofika pa 99 amaloledwa kuvala mkanjo wapadera wa luso limenelo, ndipo akaima nawo pamsika aliyense amadziwa kuti uyu anakhetsa thukuta. Awerengi asunge mkanjo umenewu m'mutu, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Mavuto oyamba aakulu anadza mu 2007. M'masewerawa muli ndalama zake za golide, zimene pamsika weniweni sizigula ngakhale mchere. Koma panabuka anthu amene ankasonkhanitsa golideyo, ena pogwiritsa ntchito makompyuta odzisewerera okha usana ndi usiku, n'kumamugulitsa kwa osewera aulesi pa ndalama zenizeni. Ambiri mwa ogulitsawa ankalipira umembala wawo ndi makadi a ku banki obedwa, ndipo kampani inkataya ndalama eni makadiwo akadandaula. Golideyo ankapatsirana m'njira ziwiri: pochita malonda achinyengo, monga kupereka mamiliyoni posinthana ndi chinthu chachabechabe, kapena popita ku thengo la kumpoto lotchedwa Wilderness, kumene osewera ankaloledwa kuphana ndi kulandana katundu.

Pa 10 Disembala 2007 Jagex inalengeza kuti ikutseka njira zonse ziwirizo. Kulandana katundu ku thengo kuja kunatha, ndipo panaikidwa malire pa zimene munthu angapatse mnzake. Akuba anavutikadi, koma anavutikanso osalakwa. Munthu sakanathanso kupatsa mng'ono wake mphatso yamtengo wapatali, ndipo amene ankakonda nkhondo ya ku thengo anasowa chochita. Kunali kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Osewera anasonkhana m'misewu ya mizinda ya m'masewera momwemo kuchita zionetsero, ndipo ambiri anachoka osabwereranso.

Panapita zaka zitatu kampani isanagonje. Kumapeto kwa 2010 inaitanitsa voti, ndipo mavoti oposa 1.2 miliyoni anaponyedwa. Anthu 91 pa 100 alionse anati zakale zibwerere, ndipo pa 1 Febuluwale 2011 malonda aufulu ndi thengo lija zinabwerera.

Wina angaganize kuti pamenepo kampani inaphunzira. Sizinatero. Chaka cha 2012 chinabweretsa zinthu ziwiri zimene palibe anafunsidwa. Choyamba chinali gudumu la mwayi lotchedwa Squeal of Fortune, limene munthu ankalizunguliza n'kupata mphoto, ndipo patangopita masabata ochepa kampani inayamba kugulitsa mwayi wolizunguliza pa ndalama zenizeni. Chachiwiri chinadza mu Novembala, pamene kamenyedwe ka nkhondo kanasinthidwa kotheratu pansi pa dzina lakuti Evolution of Combat. Kale munthu ankangoloza mdani, n'kumayang'anira chakudya chake ndi zida zake. Tsopano panafunika kudina mabatani ambirimbiri monga zimakhalira m'masewera ena otchuka ngati World of Warcraft. Akuluakulu a kampani ankati akupititsa masewera patsogolo kuti akope achinyamata. Koma amene anali atazolowera zakale anaona ngati abwera kuchokera kumunda n'kupeza nyumba yawo itasinthidwa makomo. Ena ambiri anachokanso.

Chimene chinapulumutsa Jagex ndi chinthu chimene chinangotsala mwamwayi. Pofufuza m'zosungira zake, kampani inapeza kope lathunthu la masewerawa monga analili mu Ogasiti 2007, masinthidwe onse aja asanachitike. Zinali ngati chimanga cha makolo chimene gogo anachipachika padenga la khitchini, utsi n'kumachiteteza ku anankafumbwe, pamene ana onse anathamangira mbewu ya m'sitolo. Mu Febuluwale 2013 kampani inafunsa ngati anthu akufuna kuti kope lakalelo litsegulidwe pambali pa masewera atsopano. Anthu pafupifupi 450,000 anavomereza, ndipo pa 22 Febuluwale 2013 masewera akalewo anatsegulidwa ndi dzina lakuti Old School RuneScape. Kuyambira pamenepo pakhala masewera awiri a banja limodzi: akale obwezeretsedwawo, ndi atsopano amene ambiri amawatchula kuti RuneScape 3.

Apa pali mfundo imene ambiri ofotokoza nkhaniyi amaidumpha. Kubwezeretsa zakale kokha sikunakwanire. Masabata oyamba anthu anakhamukirako ndi chimwemwe cha kukumbukira ubwana wawo, koma miyezi itapita chiwerengero chinayamba kutsika, pakuti munthu akaona mudzi umene anakuliramo, n'kupeza kuti palibe chasintha ndipo palibe chidzasinthe, amabwerera kumene anachokera. Chimene chinagwira anthu ndi lamulo limene kampani inadziikira yokha, lakuti chinthu chatsopano sichidzalowa m'masewera akalewo pokhapokha osewera 75 pa 100 alionse atachivomereza pa voti. Ndi voti yotereyi msika waukulu wa Grand Exchange unalowa mu 2015. Chaka chomwecho anatsegula khomo la osewera aulere, ndipo mu Okutobala 2018 masewerawa anafika pa mafoni. M'zaka zotsatira, masewera a zithunzi zachikalekale aja anaposa mng'ono wawo wa zithunzi zokongola pa chiwerengero cha osewera, ndipo anamusiya kutali.

Bwalo lotere limayenda pang'onopang'ono, ndipo nkhani ya luso loyendetsa ngalawa ikusonyeza zimenezi. Mu 2015 kampani inafunsa ngati iwonjezere luso limeneli. Ovomereza anali pafupifupi 68 pa 100, ndipo zinakanika. Maganizo a maluso ena anakanidwanso mu 2014 ndi mu 2019. Pambuyo pake malire anatsitsidwa kufika pa 70, ndipo mu 2023 luso la ngalawa linadutsa movutikira. Linatsegulidwa mu Novembala 2025, kukhala luso loyamba latsopano m'zaka 12. Alipo odandaula kuti voti imachedwetsa zinthu, ndiponso kuti nthawi zina gulu lina limakana chinthu chabwino chifukwa chongodana ndi amene chikawapindulire. Dandaulo limeneli ndi loona. Komabe pa zaka zonsezi palibe tsiku limene osewera a Old School anadzuka n'kupeza gudumu la mwayi litaimikidwa pakati pa mudzi wawo.

Asanaweruze kuti zonsezi ndi zachibwana za anthu okhuta, owerenga amve za ku Venezuela. Chuma cha dziko limenelo chitagwa, ndalama yawo n'kusanduka mapepala, anthu ambiri kumeneko anayamba kusewera Old School RuneScape ngati ganyu. Ankapha zilombo za m'masewera maola ambiri pa tsiku, n'kugulitsa golideyo kwa anthu a kumaiko olemera pa madola. Malamulo a kampani amaletsa zimenezi ndipo ogwidwa amathamangitsidwa, koma nyuzipepala zambiri zinalemba kuti ena ankapeza zochuluka kuposa malipiro a pamwezi a pantchito. Magetsi atazima m'dziko lonselo mu Marichi 2019, osewera a kumaiko ena anaona mitengo ya katundu wina ikusintha pamsika wa m'masewera. Golide wopeka ankagula ufa weniweni.

Tsopano kubwerera kwa mng'ono uja, RuneScape 3, amene ndiye mwini nkhani ya lero. Gudumu la mwayi lija linachotsedwa mu 2014, koma m'malo mwake munalowa chinthu chofanana nalo chotchedwa Treasure Hunter. Awa anali mabokosi otsekula ndi makiyi. Wosewera ankapatsidwa kiyi mmodzi kapena awiri aulere pa tsiku, ngati nyambo, ndipo ofuna ambiri ankagula. Chimene chinali m'bokosi sichinkadziwika mpaka litatsekulidwa. Mphoto zambiri zinali zinthu zopatsa mapointi a luso popanda kugwira ntchito, kotero kuti munthu wa thumba lolemera ankatha kukwera milingo m'masiku ochepa imene mnzake anaivutikira chaka chathunthu. Mkanjo uja unataya ulemu wake. Woima nawo pamsika sankadziwikanso ngati anaukhetsera thukuta kapena anangougula.

Panalinso choopsa china choposa ulemu wa mkanjo. Kugula chinthu chosadziwa chimene chili m'kati, n'kumabwereza poyembekeza kuti mwina ulendo uno zikhala bwino, n'chimodzimodzi ndi juga, ngakhale malamulo a maiko ambiri sakutcha choncho. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi otere m'masewera ena ndi juga ndithu. Mu 2019 komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Britain, pofufuza za masewera a pa kompyuta, inalemba za munthu wina amene analowa m'ngongole yoposa mapaundi 50,000 chifukwa chogula zinthu mu RuneScape, ndipo vutolo linagwera makolo ake. Jagex inauza komitiyo kuti malire amene inaika anali mapaundi 1,000 pa sabata kapena 5,000 pa mwezi kwa munthu mmodzi, ndiponso kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake linkachokera ku malonda ang'onoang'ono a m'kati mwa masewera. Malire a mapaundi 5,000 pa mwezi ndi mpanda umene ng'ombe ingadutse osawerama.

Chifukwa chake kampani inkaumirira sichovuta kuchiona. Abale a Gower anachoka kalekale, ndipo Jagex yakhala ikugulitsidwa kuchokera m'manja ena kupita m'manja ena. Mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya ku China, mu 2020 ndi Macarthur Fortune Holding, mu 2021 ndi Carlyle ya ku America, ndipo mu 2024 ndi CVC Capital Partners pamodzi ndi Haveli Investments. Ambiri mwa ogula oterewa ntchito yawo ndi kugula kampani, kuinenepetsa, n'kuigulitsanso pa mtengo wokwera. Osewera akamachepa, njira yachidule yosungira phindu ndi kufinya kwambiri otsalawo. Ndipo akafinyidwa, enanso amachoka. Mu Seputembala 2023 kampani inayesa malonda ena otchedwa Hero Pass, koma mkwiyo unakula kotero kuti inawabweza. Mu Januwale 2025 inatumiza mafunso kwa osewera onena za mitengo yatsopano ya umembala, kuphatikizapo maganizo oika zotsatsa malonda m'masewera, ndipo phokoso lake linachititsa kuti akuluakulu apepese.

Chaka chomwecho utsogoleri unasintha, ndipo Jon Bellamy anakhala mkulu wa kampani. Iye ndi anzake anavomereza poyera chimene osewera anakhala akunena kwa zaka zoposa khumi, chakuti malonda a mabokosi akuwononga masewera. Pakati pa chaka anayesa kutseka Treasure Hunter kwa masiku ochepa kuti aone zimene zingachitike. Kenaka kumapeto kwa Okutobala 2025 anatsegula voti, nanena kuti ngati anthu 100,000 avomereza, mabokosiwo achotsedwa kotheratu. Chiwerengerocho chinakwana nthawi ya voti isanathe, ndipo kampani inaika tsiku la 19 Januwale 2026 kukhala lotsekera mabokosi, masewerawa atangokwanitsa zaka 25.

Pamodzi ndi mabokosiwo, kampani inalonjeza kusiya kugulitsa zinthu zambirimbiri zopatsa mapointi aulere. Inalonjezanso ntchito ya chaka chathunthu yokonza zina zimene zinakalambitsa masewerawa. Galasi linadzaza ndi timabokosi ndi zolembalemba moti mlendo amasokonezeka tsiku loyamba lomwe. Tintchito ta tsiku ndi tsiku tinachuluka mpaka munthu amamva ngati ali pa thangata, kuopa kuti akajomba tsiku limodzi ataya mphoto. Zovala zonyezimira zogula zinachititsa kuti dziko la malupanga ndi mafumu lioneke ngati chionetsero cha zidole. Kamenyedwe ka nkhondo, kamene kanayambitsa mpatuko mu 2012, nakonso kanaikidwa pa mndandanda wa zoyenera kuunikidwa.

Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ndi oyamba m'zaka zambiri amene akuchotsa chinthu m'malo mowonjezera. Masinthidwe a 2007 ndi a 2012 anapangidwa m'maofesi, osewera n'kungouzidwa. A 2011 ndi a 2013, amene anabweza anthu, anayamba ndi funso. Apa kampani yatsata njira yachiwiriyo, ndipo yatero podziwa kuti itaya ndalama. Wina anganene kuti voti ya 2025 inali yodziwikiratu mathero ake, pakuti palibe mbuzi ingakane kumasulidwa chingwe, ndiponso kuti inathandiza kampani kutchuka m'manyuzipepala. Zimenezo zingakhale zoona, koma lonjezo loperekedwa pamaso pa anthu 100,000 ndi lovuta kulibweza mwakachetechete.

Komabe pali zinthu zitatu zimene voti singathe kukonza. Choyamba ndi dzenje la ndalama. Eni kampani sanagule Jagex kuti achite zachifundo, ndipo chimene chatayika pa mabokosi chiyenera kuchokera kwina. Umembala umene unali madola 5 pa mwezi mu 2002 unafika pafupifupi madola 14 ku America mu 2024, ndipo palibe chimene chingauletse kukweranso. Kampani sinanene kuti isiya malonda onse. Zovala zizigulitsidwabe, ndiponso pali chinthu chotchedwa Bond, chimene munthu amagula ndi ndalama zenizeni n'kuchigulitsa kwa wosewera mnzake pa golide wa m'masewera. Bond imathandiza wosauka kulipira umembala ndi thukuta lake, koma imatanthauzanso kuti wolemera angathebe kugula zida zabwino osatuluka thukuta. Ngakhale Old School ili nayo kuyambira 2015.

Chachiwiri, zimene zinagulidwa zinagulidwa. Amene anakwera pa makiyi sadzatsitsidwa, ndipo mikanjo yawo adzavalabe pakati pa anzawo.

Chachitatu ndiye chovuta kwambiri. Anthu amene kampani ikufuna kuti abwerere sali pamsewu kudikira. Mwana amene anayamba kusewera mu 2005 ali ndi zaka 12, lero ndi bambo kapena mayi wa pantchito, wa ana ake, amene madzulo ali ndi ola limodzi lokha lopuma. Ambiri mwa amene akadali ndi chilakolako anasamukira kale ku Old School, ndipo kumeneko anayambiranso pa mlingo 1, chifukwa luso ndi katundu wa m'masewera amodzi sizisamukira ku enawo. Amanga kumeneko zaka khumi, ali ndi anzawo, ndipo tsopano ali ndi ngalawa zatsopano zoti aziyendetsa. Umembala umodzi umatsegula masewera onse awiri, choncho kukayendera mudzi wakale sikuwadyera ndalama ina. Chimene RuneScape 3 ikupempha kwa iwo ndi ola limodzi la madzulo lija.